Tsiku Limene Ndinakaniza Chimakina Kuwoloka Dambo

Sekani ndithu, mano ndi anu omwe. Koma amene akunena kuti ine Chidendene ndimanama aimirire pomwepo ndimuone nkhope, asamang'ung'udzire kumbuyo kwa anzake. Iwe wometa, ika pansi kamakina kakoko, magetsi apita kalekale, ndipo mvula imeneyi sikata msanga, matekisi onse a Mabopane aima, palibe atuluke muno. Mwandiputa nokha ndi funso lanu lakuti bwanji munthu wamkulu ngati ine ndimayenda wopanda nsapato mu Joni muno ngati wozungulira mutu. Nsapato ndili nazo kunyumba, zabwino kuposa zanuzo, koma maso anga ine ali kumapazi, ndiye ndiwaphimbe chifukwa cha inu? Khalani pansi ndikuuzeni, ndipo pali Mulungu kumwambaku, mukapeza liwu limodzi labodza m'nkhani imeneyi mphezi ikung'animayi indipeze pampando pomwe pano.

Ine ndinabadwira ku Dedza, m'mphepete mwa dambo, ndipo mayi anga, Mulungu awuse mzimu wawo, ankanena kuti sindinakwawe ngati ana ena, ndinangodzuka tsiku lina n'kuima, n'kudinda chidendene pansi m'nyumba mwathu, n'kuyamba kulira kosatonthozeka mpaka banja lonse linatuluka nane panja kukandifunira sing'anga, ndipo titangotuluka pansi ponse pa nyumbayo panagumukira m'kati, poti chiswe chinali chitadya kunsi konse popanda wodziwa. Kuyambira pomwepo m'mudzi mwathu simunkakumbidwa chitsime, chimbudzi, ngakhale manda ndisanapondepo ine, kamwana ka mamina. Dzina langa la ubatizo anthu analiiwala, inenso ndimachita kulikumbukira movutikira. Chidendene chimenechi ndi chomwe ndinalowa nacho mu Joni, pepala la sukulu ndinalibe.

Ntchito yanga pamasaiti, malo aja omangapo nyumba ndi misewu, inali imodzi, kuuza makina ngati nthaka iwalola kudutsa kapena ayi. Sindikunena mathiraki a matayala, amenewo ndi zidole. Ndikunena zimakina zoyenda ndi matcheni, zibuludoza ndi zokumba zija za mkono umodzi wautali. Inu mumaganiza kuti chinthu chikalemera ndiye kuti chititimira, umbuli umenewo. Mayi wa nsapato zosongoka amaboola kapinga kuposa chibuludoza, chifukwa chibuludoza chimayala kulemera kwake konse pa matcheni aatali, otambalala, ngati munthu wogona pamphasa. Nkhani yeniyeni ili pa mano. Matcheni ali ndi mano achitsulo oluma dothi n'kulikankhira kumbuyo, dothi likakana kukankhidwa chimakina chimapita kutsogolo, koma likagonja, likang'ambika, matcheni amangozungulira pamodzimodzi n'kumakumba, kukumba, kukumba, mpaka mimba ya chimakina itakhala pansi, basi ulendo wathera pomwepo. Mchenga umagwira ukapanikizidwa. Katondo wofiira wa ku Silverton ngwaulemu, amakuchenjeza asanakugwetse. Koma makande akuda a kumpoto kuno, kuseri kwa Rosslyn, eish! Akauma ndi mwala, akanyowa amamatirira m'mano a matcheni mpaka matcheniwo asalale ngati sopo, ndipo pamwamba amavala udzu wokongola kuti usawadziwe.

Tsono ine ndinkafika pasaiti m'mawa, dalaivala ali m'mwamba injini ikulira, ine n'kudinda chidendene, n'kutapa dothi pang'ono n'kuika palilime, n'kugoneka khutu pansi, kenako n'kumuuza kuti apa udutsa, matcheni alowa pang'ono chabe, koma usakhote, ukakhota ung'amba kapinga amene wakunyamulayo, usaime pakati, ndipo usabwerere m'mapazi ako omwewo chifukwa dothi ukaliponda kamodzi limakhala litakwiya. Mbiri itawanda ndinasiya ndi kupita komwe, folomani ankangondiimbira ali ku Centurion, n'kugwetsa chibuma pafupi ndi foni, ine ndili ku Silverton ndikumwa tiyi, n'kumva kulira kwa chibumacho n'kumuuza kuti chotsani chimakinacho msanga pansipo pali phanga, ndipo asanadule foni nthaka inayasama n'kumeza chimbudzi cha pasaiti ndi chitseko chomwe, mwayi wake munalibe munthu. Ndinakwerapo sitima yothamanga ija ya ku Hatfield, ndinatsika mutu ukung'amba, chifukwa dothi lililonse limene tinkadutsa linkandilankhula kudzera m'chitsulo, lonse nthawi imodzi, lina kudandaula, lina kutukwana. Mukumva? Bwana wina wamakani anakana mawu anga, analamula kuti chibuludoza chake chilowe m'makande, chinamira tikuona, dalaivala anachita kutulukira padenga, ndipo patapita zaka anyamata okumba golide kumwera uko anakachipeza pansi pa mgodi, wailesi yake ikuimbabe.

Ana a ku yunivesite ankabwera nthawi zina ndi ndodo yawo yachitsulo yosongoka, n'kumaibaya pansi, n'kumaona manambala pakompyuta. Sindiwanyoza ayi, ndi ana anzeru amene aja, ndipo ndodo yawo ndi chidendene changa sizinakanganepo. Kungoti iwo ankabwera mwa apo ndi apo, kunja kukacha bwino, pamene ine ndinalipo tsiku lililonse. N'chifukwa chake pasaiti panali lamulo losalembedwa, lakuti dalaivala sasuntha chimakina pamalo onyowa Chidendene asananene.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinkamulola kunditchula wabodza, Che Sumani a ku Machinga. Amenewo ndi amene anandilandira nditangofika kumene, ndikugona pasiteshoni, anandipatsa bulangeti ndi pakona pa chipinda chawo osandifunsa kuti ndimapemphera kuti. Iwo Msilamu wa swala zake zonse, ine munthu wa botolo, koma tinkadyera mbale imodzi ndipo tinkaitanana achimwene. Ntchito yawo inali yolumikiza mapaipi pansi m'ngalande. Ndikayamba nkhani zanga pa nthawi ya nkhomaliro, iwo ankangogwira ndevu n'kumati, achimwene, chepetsani pang'ono kuti chikwane m'khutu. Akazi awo, Abiti Jafali, amene ine ndimawatcha alamu, ankagulitsa tiyi ndi magwinya, mandasi a kuno, pageti la saiti. Anthu awiri amene aja anali ofatsa moti ukakhala nawo pafupi unkachita manyazi ndi mawu ako omwe.

Chaka chimenecho tinkaika mapaipi a zonyansa kumalo kumene ankati amangeko nyumba zatsopano, kuseri kwa Rosslyn komweko. Malowo muwaone bwino m'maganizo mwanu. Kumtunda kunali geti, kanyumba ka mlonda ndi tebulo la alamu. Kumunsi kunali ngalande yathu, yakuya kuposa denga la muno. Pakati pa ziwirizi panali dambo la makande, losatambalala kwenikweni, loti munthu ali kugeti akafuula wa kungalande amamva. Chimakina chokumba chinali chimodzi chokha, ndipo mvula itayamba folomani anachikweza kugeti, pafupi ndi mlonda, kuopa mbava za dizilo.

Mvula yake imeneyo, iyi mukuithawayi ndi malovu. Inagwa masiku osawerengeka osapumira, mpaka achule anayamba kugogoda pazitseko kupempha pouma, maluwa a jakaranda a m'tauni monse anakokoloka n'kukasintha mtundu wa mtsinje, malaya anga ali pathupi anamera bowa, nkhuku za ku Mabopane kuno zinaphunzira kusambira, ndipo dzuwa tinaliiwala nkhope moti litasuzumira kamodzi agalu analiuwa. Mitima ya anthu inanyowa nayo. Ntchito ikaima chakudya chimaimanso, ndiye mvula itangopumira m'mawa wina folomani anati anthu atsike m'ngalande akachotse matope, palibe anakana. Ine ndinali kugeti, ndikumwa tiyi wa alamu, nthawi imene tinamva chimkokomo chakumunsi, kenako kukuwa.

Khoma la ngalande linali litagumuka, ndipo paipi ya konkire imene inali m'mphepete, yaikulu yoti mwana angayende m'kati ali chiimire, inagubuduka n'kukapanikiza miyendo ya Che Sumani pansi. Sanafe ayi. Anali atakhala tsonga, msana kukhoma, akulankhula bwinobwino, koma miyendo yonse ili kunsi kwa paipi, ndipo madzi ankatuluka m'makoma a ngalande mbali zonse n'kumakwera. Pampu inatsamwa ndi matope. Anyamata anayesa kutukula paipiyo ndi zitsulo, ndi mitengo, ndi mapewa, siinasunthe mpang'ono pomwe. Folomani anaimbira opulumutsa anthu, anamuyankha kuti ali m'njira koma mlatho wamira, magalimoto awo ndi a matayala, adikira madzi atsike. Ena opanda mapepala atangomva kuti kubwera a boma anazemba, sindiwaweruza, koma ambiri anatsala, n'kumakapa madzi ndi ndowa, ndi zipewa zawo zapasaiti, ndi manja. Chinthu chimodzi chokha padziko lonse chikanatha kunyamula paipi ija, ndipo chinali kugeti, tsidya lino la dambo.

Dalaivala wake anali Matome, wa mtundu wa Apedi a kuno konkuno, munthu wosalankhulalankhula. Analiza injini, anatembenuza chimakina kuloza kudambo, n'kusuzumira pawindo. "Madala, tidutsa?" anandifunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka chimene tinamuphunzitsa ife.

Njira zinali ziwiri. Yachidule inali kudula dambo molunjika, nthawi yongokwanira kuti tiyi azizire m'kapu. Inayo inali kuzungulira dambo lonse, kukwera chitunda cha miyala, kudutsa m'minga, kuwoloka kamtsinje, n'kutsikira kungalande chakumbuyo, mtunda woti ngakhale munthu wapansi amafika atatopa.

Ndinalowa m'dambomo. Ndinadinda chidendene, chinalowa mpaka m'katumba. Ndinalawa dothi, linali lozizira, lowawasa ngati phala logona. Ndinagoneka khutu paudzu, ndinamva madzi akuyenda kunsi. Pamwamba panali kapinga wolukana bwino, wolimba ndithu, zimenezo sindibisa, koma pansi pake panali pofewa mpaka kumene chidendene changa chinalekera kumva. Chidendene chinati ayi. Sichinafuule monga chimachitira masiku onse, chinanena chapansipansi, poti m'makutu mwanga munadzaza phokoso la anthu ndi kugunda kwa mtima wanga womwe, koma chinati ayi. Ndipo inu oseka inu, taganizani mukanakhala ine. Chimakina chikakhala pamimba pakati pa dambo, china kulibe, chochikoka kulibe, ndiye kuti Che Sumani tawasiya m'madzi tikuwaona. Njira yozungulira inali yaitali, koma ndinkadziwa kuti tikafika.

Ndikutuluka m'dambomo ndinakumana ndi alamu. Anali atathamangira kale kungalande wapansi, n'kubwereranso, matope mpaka m'chiuno, mpango utagwa kumutu, mayi amene ndinali ndisanaonepo tsitsi lawo. Anagwada m'matope momwemo n'kundigwira mwendo.

"Alamu, dutsitsani pomwepa. Madzi afika pachifuwa."

"Chikatitimira, alamu, ndiye kuti tawapha tokha."

"Ndi pafupi, alamu. Taonani, ndi apo. Akutiona."

Zoonadi, kuchokera pamene tinaimapo mitu ya anthu okapa madzi inkaoneka, ndipo ena ankatikodola ndi manja kuti bwerani, bwerani molunjika. Folomani, foni kukhutu, ankandiyang'ana ine. Matome ankandiyang'ananso ine. Saiti yonse inkadikira phazi la munthu mmodzi. Ndinamasula manja a alamu pamwendo panga, ndinakweza dzanja n'kuloza kuchitunda. Matome anatembenuza chimakina.

Ulendo umenewo, abale anga, palibe munthu wina wobadwa kwa mkazi akanautha. Chimakina cha matcheni sichithamanga, nkhalamba ya ndodo ikhoza kuchisiya m'mbuyo, ndipo tsiku limenelo bilimankhwe anatipitirira ndithu, anatiyang'ana ndi diso limodzi n'kumapita. Ine ndinali kutsogolo, kuyenda chafutambuyo, nkhope kwa Matome, mapazi akuwerenga nthaka imene maso sankaiona, manja akumuuza kuti kumanzere pang'ono, ima, bwera, usakhote, ndipo tisanafike ndi pachitunda pomwe mvula inayambiranso, tsopano ndi matalala aakulu ngati mapapaya, akuswa magalasi a chimakina, akundiphulika pamutu, ine osaphethira, minga ikundilowa kuphazi n'kutulukira pamwamba, ine osaima, njoka zothawa madzi zikundikulunga m'miyendo, ine n'kumazikutumula ngati udzu. Mukumva? Pathanthwe lonyowa matcheni alibe choluma, chitsulo pamwala chimangoterereka, ndiye chimakina chinayamba kutsetsereka chammbali kulowera kuphompho, Matome atatseka maso n'kuitana amake, ine ndinalumpha n'kuchitchinga ndi phewa ili, chidendene n'kuchizika m'thanthwe, ndinachigwira ndekha mpaka matcheni atapeza mng'alu woluma, ndipo dzenje limene chidendene changa chinaboola pamwalapo lilipo mpaka lero, mbalame zimamwapo madzi.

Tili pamwamba pa chitunda foni inalira m'thumba mwanga. Mnzathu wina wa m'ngalande anali ataika foni yake kukhutu kwa Che Sumani.

"Achimwene, mwafika pati?"

"Tafika kale, achimwene, tili pakhomo panu pomwepa."

"Bodza lanu lija mpaka lero," anatero, n'kuseka, n'kutsokomola. "Madziwa akuzizira. Fulumirani pang'ono."

Ndinabweza foni m'thumba, ndipo kuchokera pamwamba paja ndinaona zonse, geti, dambo, ngalande, ndi kamunthu kamodzi kakuwoloka dambo wapansi kubwerera kwa mwamuna wake. Dambolo linkaoneka laling'ono zedi kuchokera pamenepo. Mtima unandiwawa, sindikubisirani, unandiwawa ngati wina waupotokola ndi dzanja. Koma tinali titafika kale patali, kubwerera kukanatalika kuposa kupitirira.

Potsika mphezi inawomba mkono wa chimakina, inatsetsereka ndi chitsulo, inalowa pansi n'kumabwera kwa ine ikung'amba nthaka, ine ndinaiponda mchira ndi chidendene chomwechi, inaphiriphitha, inalira, sindinaisiye mpaka Matome atadutsa, n'chifukwa chake phazi ili ndi lakuda kuposa linzake, bwerani mulione amene mukukayika. Kamtsinje kaja kanali katasanduka chimtsinje, kakukokolola mitengo, mafiriji, zitseko za anthu, mbuzi yamoyo itaima padenga la kanyumba, ine ndinalowa mpaka m'khosi, kufufuza ndi zala za kuphazi pamene panali miyala pansi, ndinapapeza, ndinauza Matome kuti atambasule mkono wa chimakina azike chidebe chake chokumbira tsidya linalo adzikoke nacho, ndipo chimakina chinawoloka madzi akulowa m'chipinda cha dalaivala, nsomba zikumuluma Matome m'mabondo. Foni inaliranso. Mnzathu uja anati madzi afika pachibwano, awaika paipi yothirira maluwa m'kamwa kuti azipumira. Ndinati auzeni alume zolimba, tatsala pang'ono. Kachitatu inalira tili m'minga ina tsidya la mtsinje, manja anga onse ali m'mwamba kulondolera Matome, ndipo sindinaiyankhe. Inalira nthawi yaitali, kenako inasiya.

Tinatsikira kungalande chakumbuyo, ndipo ndikuuzeni ndi mtima wonse, ulendo wonse uja chimakina sichinatitimire ngakhale ndi chala chimodzi. Paliponse pamene ndinati chidutsa chinadutsa. Funsani aliyense amene analipo. Ndinachifikitsa m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, pamalo okhawo amene khoma likanapirira kulemera kwake, ndinapasankha ndi phazi langa m'kuphethira kwa diso.

Koma anthu sankakapanso madzi. Anali ataima m'mphepete, zipewa m'manja. M'ngalande munali madzi akuda okhaokha, ndi kapaipi kobiriwira katatulukira pamwamba, mnzathu uja atakagwirabe ngakhale kanali kasakugwedezeka. Alamu anali atakhala pansi m'matope, osalira, akungoyang'ana kapaipiko. Ndinadumphira m'madzimo ndi unyolo, ndinamira, ndinaukulunga papaipi ya konkire mwa kufufuza ndi manja, ndipo m'kufufuzako dzanja langa linakhudza ndevu zawo. Matome anakweza mkono. Paipi imene inakanika amuna onse aja inanyamuka mopepuka ngati mtolo wa udzu. Tinawatulutsa, tinawagoneka paudzu, anyamata anawapanikiza pachifuwa, anawapumira m'kamwa, ine ndinawaitana ndi dzina, ndinawaitana achimwene, ndinawauza kuti tafika. Kalanga ine, thupi linali lisanazizire n'komwe.

Nthawi yomweyo mvula inakata. Kugeti kunaoneka magetsi ofiira, opulumutsa aja anali atawoloka mlatho tsopano, ataima ndi galimoto zawo pamene msewu unathera, tsidya lina la dambo. Anthu anayamba kufunsana kuti thupi tilinyamula bwanji m'matope oterewa. Matome sanafunse munthu. Anatsitsa chidebe cha chimakina pansi, anatsika, anachitsuka ndi madzi a m'ndowa, anayalamo jekete lake, anyamata anawagoneka Che Sumani m'menemo, alamu anavula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa. Kenako Matome anakwera, analiza injini, anatembenuza chimakina n'kuchiloza kudambo. Ine ndinaima kutsogolo n'kukweza dzanja. Sanandiyang'ane, anangondilambalala.

Chinalowa m'dambo. Ndinadikira kuti mphuno igwe, ndinadikira kuti matcheni ayambe kuzungulira pamodzimodzi, ndinadikira ndi mpweya womwe nditaugwira. Chinkangopita. Kapinga ankawerama pansi pa matcheni n'kumadzukanso kumbuyo, madzi akungotuluka pang'ono m'mbali, mkono uli m'mwamba utanyamula mnzanga, alamu akutsatira m'mbuyo wapansi, akuponda m'mapazi a chimakina momwe matope sankawafika ndi m'kakolo momwe. Anthu onse anatsatira. Ine ndinatsala ndekha kungalande, ndipo ndisanapukute matope kumaso chimakina chinali chitaima kale pageti.

Abale awo a kumzikiti anabwera, anawasambitsa, anawakulunga m'nsalu yoyera, tinawaika kuno ku Joni konkuno, ku Machinga sanabwererenso. Kumanda palibe anandinena kanthu. Pasaiti palibe anandichotsa ntchito, kungoti madalaivala anayamba kumaliza injini n'kumapita osasuzumira pawindo, ndiye tsiku lina ndinangosiya kupitako. Alamu ali pasiteshoni pomwepa, tebulo lawo lili pafupi ndi pokwerera matekisi a ku Soshanguve, enanu mumagula magwinya awo osadziwa. Ndikamadutsa amandipatsa moni, alamu mwadzuka bwanji, n'kunditsanulira tiyi. Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Tiyi ameneyo ndimamwa, ndikanakana bwanji.

Tsono musandiyang'ane choncho. Ndikudziwa chimene mukuganiza, ndipo n'chifukwa chakuti simudziwa dothi. Dothi la m'mawa si la masana. Pamene Matome ankawoloka mvula inali itakata, mphepo inali itawomba, madzi a kunsi anali atapeza njira n'kutsikira m'ngalande, kapinga anali atapuma, ndipo chimakinacho chinali chitapepuka poti dizilo yambiri inapsa paulendo wozungulira uja, komanso nthaka inali itatenga kale munthu amene inkamufuna, inali itakhuta, ikanafunanso chitsulo chachiyani? Ndiponso amene anali m'chidebe muja sanali munthu wamba, anali munthu wopemphera, woti sanapondepo nyerere mwadala, ndi iwo amene anachinyamula chimakinacho, osati dambo, ine ndinaona ndi maso angawa matcheni akuyenda m'mwamba osakhudza udzu. Mukumva? Osakhudza udzu!

Koma nthawi ija, m'mawa muja, alamu atandigwira mwendo, chikanatitimira. Chikanafika pakati n'kukhala pamimba, ndipo Che Sumani akanamira akuchiona chili pomwepo. Ine Chidendene sindinaphonyepo dothi chibadwire, ndipo tsiku limenelo sindinaphonye. Chikanatitimira, ndikulumbira pa manda a mayi anga. Nanga mwangoti zii bwanji, inu munkaseka aja? Ndatha nkhani yonse osapempha kanthu kwa munthu. Mmodzi yekha mwa inu anene kuti chikanatitimira.